Magazi a Pansi pa Gwafa

Linali Lachitatu la pakati pa Okutobala, chaka chimene ndinali mu Fomu Wani, ndipo ndinadzuka mtima usali m'malo. Sanandidzutse tambala wa aneba kapena mabasi a mumsewu waukulu wa ku Kabwata. Linandidzutsa ndi fungo la phula lofewetsedwa pa mbaula, losakanikirana ndi fodya wa m'mphuno. Kwathu fungo limenelo linkatanthauza chinthu chimodzi chokha: Azakhali a Tilyenji afika ndi nyanga yawo, ndipo wina alumikidwa dzuwa lisanakwere.

Azakhali anali mlongo wawo wamkulu wa Atate. Ankagulitsa nyemba ndi tinsomba touma ta kapenta pamsika, ankakhala ku Libala kwa mwana wawo, ndipo ankalankhula ngati aliyense ali tsidya lina la mtsinje. Nyanga yawo inali ya mwana wa ng'ombe, yaifupi, yosalala chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri, yobooka kunsonga. Ankati inali ya amayi awo, ndipo inachoka kumudzi ku Katete itakulungidwa m'nsanza, pansi pa dengu la ufa. Munthu akadandaula mutu, msana kapena mwendo, Azakhali ankamukhazika pampando kuseri kwa nyumba, n'kumutema timphini ting'onoting'ono ndi lezala pamalo powawapo. Kenako ankavundikira nyanga pamphinipo, n'kuyamwa mpweya kunsongako mpaka masaya awo kulowa m'kati, n'kutseka kabowo ndi phula limene anali atalisunga kutsaya. Nyanga inkakakamira yokha pakhungu ngati yamera pomwepo. Pakapita kanthawi ankaboola phula lija ndi kaminga, nyanga n'kugwera m'dzanja mwawo, n'kukhuthulira zimene zatulukazo m'kachitini ka jamu.

Kachitini kameneko kanali ntchito yanga. Magazi a munthu, Azakhali ankatero, sataidwa kudzala kapena m'ngalande, kumene galu anganyambite kapena munthu wa mtima woipa angatapeko. Amanyamulidwa ndi wachibale, ndipo wachibaleyo sawasiya mpaka atawakwirira. Choncho ine ndinkatenga kachitini ndi kakhasu ka Amayi, n'kupita pansi pa mtengo wa gwafa umene unali pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa aneba. Ndinkakumba, kuthira, kukwirira, n'kupondaponda ndi chidendene. Ndili wamng'ono ntchitoyi inkandinyaditsa. Ndinkaganiza kuti magwafa athu ndi ofiira m'kati chifukwa cha ine.

Kale wolumikidwa kawirikawiri ankakhala Atate. Anali mesenjala mu ofesi ina ya boma m'tauni, ndipo ankabwerako mutu ukuwawa chifukwa chopalasa njinga padzuwa. Ankakhala pampando nyanga ili m'mbali mwa mutu, akuwerenga nyuzipepala ngati palibe chikuchitika. Koma chilimwe chimenecho mpandowo unasanduka wa Amayi.

Amayi anali oyembekezera, mimba itakula ndithu. Kuyambira pamene jakaranda anayamba kugwetsa maluwa ake m'misewu, ankadandaula mutu ndi chizungulire. Akawerama kuti akolezere mbaula ankagwira khoma podzuka. Akachapa zovala ziwiri zitatu pampopi ankapuma mwabefu ngati athamanga kuchokera ku Chilenje. Anayambanso kudya dothi. Ankanditumiza kukagula timiyala ta dothi lowotcha kwa amayi ena pamsika, ndipo ankatafuna mobisa, kumaso kuli manyazi. Ku kiliniki ya azimayi oyembekezera anawauza kuti abwerenso adzawatenge magazi pamkono kuti akawapime. Atate atamva zimenezo anapinda nyuzipepala yawo.

"Magazi a mkazi wanga alowe m'botolo la munthu amene sindimudziwa? Amake Esnati, kumeneko simupitanso."

Atate sanali munthu wovuta, ndipo sanali mbuli. Ndi iwo amene anaimba nyimbo panjira tsiku limene ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Koma anakulira kumudzi nthawi ya atsamunda, pamene kunkamveka mbiri ya amunyama, anthu amene ankati amayenda ndi galimoto n'kumagwira oyenda okha, kukawapopa magazi ndi kuwagulitsa kutali. Atate ali mnyamata, akamva kulira kwa galimoto ankasiya mbuzi n'kuthawira m'tchire, osatulukamo mpaka fumbi litakhazikika. Ufulu unabwera, iwo anasamukira ku Lusaka, anazolowera kuwoloka msewu pakati pa magalimoto ambirimbiri, koma mnyamata wa m'tchire uja sanachoke m'chifuwa mwawo.

M'mawa wa Lachitatu limenelo ndinapeza Amayi atakhala kale pampando, duku lili pamwendo, nyanga ili pafupi ndi khutu. Maso anali otseka. Nyenje zinali zitayamba kale kulira mumtengo wa aneba, ndipo malata ankathetheka ngakhale kunali kusanatenthe kwenikweni. Azakhali atachotsa nyanga anandionetsa zimene zinali m'katimo.

"Taona kuda kwake, Esnati. Ndi amenewa akumuzunguza mlamu wanga. Tikawachotsa onse, aziyenda ngati mtsikana."

Ndinakakwirira, ndinasamba m'manja, n'kuthamangira kusukulu.

Tsiku lomwelo, titamaliza kuyeserera kuguba kokonzekera chikondwerero cha Ufulu, tinalowa m'kalasi ya sayansi thukuta lili kamukamu. Aphunzitsi athu anali mayi wamfupi wochokera ku India, ndipo tinali pa mutu wa magazi. Anatiuza kuti kale madokotala a ku Ulaya nawonso ankakhulupirira kuti matenda ambiri amabwera chifukwa cha magazi oipa kapena ochuluka. Munthu akatentha thupi ankamucheka mtsempha wa pamkono, magazi n'kumatsikira m'beseni. Ena ankamuika misundu pakhungu kuti imuyamwe. Nthawi zina ntchitoyi ankaigwira ndi ometa tsitsi, ndi lumo lomwelo lometera ndevu. Anachita zimenezi mibadwo yambirimbiri, kwa osauka ndi kwa mafumu omwe, mpaka pamene ena anayamba kuona kuti odwala ambiri ankafooka n'kufa chifukwa cha chithandizo chomwecho. Patapita nthawi m'pamene anaphunzira kuchita zosiyana, kuthira magazi mwa munthu amene amuchepera.

Kalasi yonse inaseka za misundu ndi za ometa tsitsi. Ine sindinaseke. M'zikhadabo zanga munali mukadali dothi la pansi pa gwafa.

Pomaliza aphunzitsi anationetsa njira yodziwira munthu wochepa magazi. Anati tikokere pansi chikope cha m'munsi cha mnzathu n'kuyang'ana m'kati. Cha mnzanga wa pa desiki chinali chofiira ngati m'kati mwa gwafa. Madzulo ake ndinapeza Amayi atagona pamphasa pakhonde, ndipo ndinanamizira kuti ndaona kachitsotso m'diso mwawo. Nditakoka chikope, m'kati munali moyera ngati pepala la m'kope langa. Ndinayang'ana zikhatho zawo, nazonso zinali zotuwa, mizere yake yosaoneka bwino.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhazikikenso. M'kalasi ndinkamva mawu a aphunzitsi ngati akuchokera m'chipinda china. Poguba ndinkaphonya mwendo mpaka kundichotsa pamzere wa kutsogolo. Ndinkayang'ana zikope za aliyense: za anzanga, za mwana wa aneba, zanga zomwe pakagalasi ka Atate kometera ndevu. Pobwera kusukulu ndinkathamanga, koma ndikafika pampanda wathu ndinkaima, kuopa kulowa. Mvula inkalonjeza tsiku lililonse. Mitambo inkaunjikana cha ku Lilayi masana, akamvuluvulu ankanyamula mapepala ndi fumbi lofiira m'misewu, kenako kumwamba kunkayeranso popanda ngakhale dontho.

Ndinayesa kulankhula. Ndinasankha tsiku limene Azakhali anali osangalala chifukwa kapenta anayenda bwino, ndipo ndinagwada pafupi nawo monga mwa ulemu. Ndinawafotokozera za chikope, za madokotala a ku Ulaya ndi mabeseni awo, ndi kuti mwina vuto la Amayi si magazi oipa koma ochepa. Anandimvetsera mpaka kumapeto akufwenkha fodya wawo.

"Ndiye kuti azungu nawonso ankalumika? Ha, ndiye anali ndi nzeru." Anayetsemula, n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Iwe Fomu Wani, pamene unkalira ndi khutu uli khanda, anakuchiritsa ndi mayi wa ku India ameneyo?"

Atate anangoti mwana sayankhula pa nkhani za mimba ya amayi ake, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Koma pamene ndinkatsuka mbale Amayi anabwera kudzaima pambali panga, n'kundisisita pamsana pang'ono, ngati ndine amene ndikudwala. Nyanga inabweranso sabata imeneyo, ndi sabata yotsatira. Ine ndinkanyamulabe kachitini. Sikankalemera, magazi ake anali ongophimba pansi, koma ndikamakwirira ndinkaona ngati ndikukwirira Amayi pang'onopang'ono.

Loweruka lina kunamveka kuti ku sitolo ya boma kwafika sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja. Masiku amenewo mbiri yotero inkatulutsa Kabwata yense m'nyumba. Amayi anaumirira kupita, poti oyembekezera nthawi zina ankawalowetsa msanga, ndipo ine ndinawaperekeza ndi botolo lopanda kanthu. Mzere unali utazungulira kale sitolo. Anyamata a chipani ankayenda m'mbali ndi timikwapulo akukalipira olowerera. Panalibe mthunzi. Kunkanunkha thukuta, fumbi ndi chimanga chowotcha. Tinasuntha pang'ono, n'kuima, n'kusunthanso. Kenako ndinamva dzanja la Amayi likulemera paphewa panga, likutsetsereka, ndipo nditatembenuka anali atakhala pansi m'fumbi, mutu utapendekeka, milomo yotuwa ngati phulusa.

Azimayi a pamzere anawakupiza ndi zitenje. Bambo wina wa vaneti yonyamula makala anavomera kutitengera ku chipatala chachikulu, ndipo mwana wa aneba anathamanga kukauza Atate ndi Azakhali. Njira yonse ndinagwirizira mutu wa Amayi pamiyendo panga, zala zanga zikukhudza timphini tatsopano ta pafupi ndi khutu.

Kuchipatala anawalowetsa m'kati, ine n'kutsala pabenchi m'khonde lalitali lonunkha mankhwala otsukira pansi. Atate anafika pa njinga, malaya atamatirira kumsana. Azakhali anafika pambuyo pawo, akununkha kapenta, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona ali chete. Anali atasuzumira m'chipinda n'kuona nkhope ya mlamu wawo pa pilo woyera, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni.

Anatuluka asisita ena aatali, anamwino a Chinyanja cha m'tauni, amene ankalankhula akuyenda.

"Ndimwe ba Mwanza? Bakazi banu magazi yasila. Bakabeleka so, tizaluza bonse babili, mai na mwana. Tifuna wa banja apase magazi lelo, osati mailo."

Ankatanthauza kuti magazi a Amayi atha. Anatitengera ku kachipinda kena kumene kunali bedi lalitali ndi mabotolo agalasi pashelefu. Ine ndinatambasula mkono wanga poyamba. Asisita anaugwira, n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri, n'kuubweza kwa ine mokoma mtima. Anati ndikule kaye. Kenako Azakhali anakankha aliyense n'kukhala pampando.

"Chotsani anga. Ine ndachotsa magazi a theka la Kabwata, ndingaope kansingano?"

Asisita anawabaya chala, n'kugwetsera dontho m'kagalasi ka madzi obiriwira ngati bulu wochapira. Anatifotokozera kuti magazi okwanira amamira, ochepa amayandama. Dontho la Azakhali linayandama pamwamba, likuzungulira pang'onopang'ono. Azakhali ankadzilumika okha m'miyendo mwezi ndi mwezi.

"Ba mayo, imwe ndimwe mufunika kupasiwa," anatero asisita.

Onse tinatembenukira kwa Atate.

Anali ataima pawindo, akuzunguza chipewa m'manja. Analola kubayidwa chala, ndipo dontho lawo linamira ngati mwala. Koma ataona singano yaikulu ndi kapaipi kolowera m'botolo, anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Thukuta linkatsika m'mphini zawo zakale. Ndinaona kuti maso awo akuyang'ana chitseko, ndipo ndinadziwa kuti akatuluka sabweranso. Ndinali ndisanawaonepo Atate akuchita mantha chotero, ndipo ndinachita manyazi kuwayang'ana.

"Akatuluka m'thupi mwanga apita kuti?" anafunsa ndi mawu aang'ono. "Awanyamula ndani?"

Asisita anayamba kufotokoza za kupima ndi za mitundu ya magazi, koma Azakhali anawadula.

"Iwe Yelemiya, wonyamula ukumufunanso wina? Magazi ako onse amene ndakuchotsa, anawanyamula ndani? Si uyu?" Anandiloza ndi chibwano. "Anatayapo ngakhale dontho panjira? Gona apo, usatichititse manyazi pamaso pa anthu a boma."

Asisita anatiyang'ana tonse atatu, n'kuyang'ana wotchi ya pachifuwa pawo. Kenako anati palibe vuto, mwanayo anyamule, bola ayende pambali pawo ndipo agwire ndi manja awiri.

Atate anagona. Anatembenuzira nkhope kukhoma, dzanja lina litagwira langa mwamphamvu mpaka zala zanga kuchita dzanzi. Ndinaona magazi akuyenda m'kapaipi, akukwera m'botolo, ambiri kuposa onse amene ndinakwirira pansi pa gwafa. Sanali akuda. Botolo litadzaza, asisita analitseka, n'kulembapo, n'kundipatsa. Linali lofunda ngati dzira limene nkhuku yangoikira kumene. Ndinalikumbatira pachifuwa, n'kuyenda m'khonde lija phazi ndi phazi, anthu a pamabenchi akundipatukira.

Tinafika pa chitseko china cholembedwa kuti osalowa. Asisita anatenga botolo m'manja mwanga n'kunena kuti ndidikire pomwepo. Ndinadikira. Ndinaima ndi mwendo uwu, ndi uwo, ndinayesa kusuzumira pa kabowo ka kiyi, ndinapemphera pemphero lililonse limene ndinkalidziwa. Mwambo unkati wonyamula sasiya magazi, ndipo ine ndinali nditawasiya. Dzuwa linasuntha pa simenti kuchoka paphazi langa mpaka kukhoma. Kenako chitseko chinatseguka, asisita n'kutuluka ndi botolo, n'kundipatsanso.

Linali lozizira, ngati botolo la chakumwa lochokera m'firiji ya m'golosale. Ndinadabwa, koma ndinadziyankha ndekha msanga. Phala la wodwala timaliziziritsa tisanamupatse. Ndinaganiza kuti ndi zimene ankachita m'chipinda chija nthawi yonseyi.

Ku wodi tinapeza Atate atakhala pampando pafupi ndi bedi la Amayi, thonje lili pamkono, kapu ya tiyi imene anawapatsa isanakhudzidwe. Asisita atapachika botolo pa chitsulo, Atate anandikoka pafupi.

"Ndi omwewo?"

"Ndi omwewo, Atate. Ndawaperekeza."

Anapuma mpweya wautali. Kenako anakhala tsonga n'kuyamba kuyang'anira madontho akutsika m'kapaipi, limodzi ndi limodzi, ngati m'busa wowerenga mbuzi zikulowa m'khola. Dzuwa lisanalowe Amayi anatsegula maso n'kufunsa ngati saladi uja tinamupeza.

Mlongo wanga Dalitso anabadwa mvula itayamba. Atate anakhala moyo mpaka ukalamba, ndipo akakangana ndi Amayi ankati, "Musandiyankhe chotero, m'thupi mwanumo muli magazi anga." Amayi ankayankha kuti n'chifukwa chake anayamba kuopa magalimoto.

Ine ndinakula, ndinaphunzira, ndipo ndinagwira ntchito zaka zambiri kuseri kwa chitseko chonga chija. Kumeneko ndinadziwa chimene manja anga anadziwa kale tsiku lija. Magazi otengedwa masana sathiridwa mwa wodwala asanapimidwe mokwanira, ndipo a mwamuna si kawirikawiri kukhala oyenera mkazi wake. Botolo lofunda linalowa m'firiji kukadikira mwini wake. Lozizira lija linali la munthu wina amene sitinamudziwe, amene anagona pa bedi lomwelo masiku angapo m'mbuyomo. Chimene Atate ankachiopa moyo wawo wonse chinachitikadi: magazi awo anapita kwa mlendo. Mwina ku Chelstone kapena ku Chunga kunali mayi wina amene anayenda zaka zambiri ndi magazi a mnyamata wothawa galimoto. Ndinadziwanso kuti nyanga ya Azakhali sinali yokha yolakwa. Inkachotsa pang'ono. Zimene zinadya magazi a Amayi ndi malungo ndi mimba, ndipo chachikulu chimene nyangayo inatenga ndi masabata amene akanakhala ali ku kiliniki. Azakhali ankachita zimene madokotala a mabeseni aja ankachita, ndi mtima wofuna kuchiritsa womwewo, ndiponso mosakayika chimodzimodzi.

Koma madzulo a Loweruka limenelo sindinkadziwa zimenezi. Ndinkangodziwa kuti ndanyamula magazi a Atate, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinawapereke ku nthaka. Tinabwerera ku Kabwata wapansi, Atate akukankha njinga ndi dzanja limodzi, Azakhali akudandaula njira yonse kuti madzi obiriwira aja anali onama. Kumwamba kunkachita ziphaliwali cha ku Lilayi. Titafika ndinaona kachitini ka jamu kali pamalo pake pawindo la kukhitchini, kotsukidwa, kakudikira. Ndinatsimikiza mumtima kuti mawa ndidzuka Azakhali asanafike, ndiphike phala la Amayi loti ndipite nalo kuchipatala, koma choyamba nditenge kakhasu, ndikumbe dzenje lakuya pansi pa gwafa, ndikwirire kachitini komweko.